Thandizeni: umboni wa malo ogona pofunsira viza ya ulendo wa ku Santiago

Moni nonse abale ndi alongo m'gulu muno. Ndikukonzekera ulendo wachipembedzo woyenda pansi ku Spain, kuchokera ku Sarria kukafika ku Santiago de Compostela, mtunda wa makilomita pafupifupi 115. Ndasankha kuyambira ku Sarria chifukwa chikalata cha Compostela, chotsimikizira kuti wamaliza ulendowu, amapatsa munthu amene wayenda wapansi makilomita 100 omaliza.

Chandiimitsa mutu ndi viza ya Schengen, yolowera ku Spain ndi maiko ena a ku Ulaya. Pasipoti yanga ndi ya Malawi, ndipo opereka viza akufuna umboni wa komwe ndizikagona usiku uliwonse. Koma ma albergue (malo ogona oyenda ulendowu) a boma la Galicia, chigawo chomwe ndidzayendemo, otsika mtengo aja, salola kusungitsa malo. Wafika msanga ndi credencial yake (kabuku kosonyeza kuti ali pa ulendowu) m'manja ndiye amapeza bedi.

Inshuwalansi yomwe ingandilipirire mpaka ma euro 30,000 ndagula kale. Ndalembera ma albergue a anthu wamba ku Portomarín, Palas de Rei ndi Arzúa, matauni a m'njirayi. Ena sanayankhe, ena mtengo wake thumba langa silingakwanitse. Za mahotela ndiye musanene.

Alipo pano amene anayendako ndi pasipoti ngati yangayi? Munapereka chiyani pa nkhani ya malo ogona? Nanga kalata yochokera kwa bambo mfumu wa parishi inakuthandizani? Chonde ndiuzeni, ulendowu ndauika pamtima kwambiri.