Za munda wachitsanzo wa udzu ndi mapira

Mlembi: Abale mwaswera bwanji. Nkhani ya ndalama za chaka chino sitinamalize, tigule urea yekhayekha ngati kale kapena tipatule pang'ono tiyese munda wa udzu wa Brachiaria ndi mapira ku Thondwe? Tamasukani.

A Phiri a ku Joni: Udzu?? Ife timatumiza ndalama kuti makolo adye nsima, nanga tikudyetsa mbuzi?

Aphunzitsi: A Phiri dikirani kaye. Urea mukathira, tizilombo tosaoneka ndi maso ta m'nthaka timamusandutsa nitrate, ndiye nitrate sagwira dothi, mvula ya Januwale ikagwa usiku onse amatsika pansi kapena kukokoloka kupita ku Likangala mpaka nyanja ya Chilwa, chimanga n'kuyamba chikasu inu mukuti fetereza wachepa tiwonjezere. Mizu ya Brachiaria humidicola imatulutsa mankhwala otchedwa brachialactone, amene amachedwetsa tizilomboti ndiye chakudya chimakhalitsa pamizu. Anazifufuza a mabungwe ofufuza za ulimi, a JIRCAS a ku Japan ndi a CIAT ku Colombia. Mapira nawo amatulutsa sorgoleone, ntchito yake yofananako.

Anachisale: Mapira ndawamva, agogo ankalima ku Jali. Koma mbalame aphunzitsi! Aingitse ndani ana ali kusukulu?

Msungichuma: Ine vuto langa ndi malo. Anthu kwathu ali ndi ka theka la ekala, momwemo chimanga momwemo nandolo, udzuwo ukhala pati? Komanso umagwira pomwe pali mizu yake, sikuti ukadzala m'malire ndiye munda onse wapulumuka.

Aphunzitsi: Zoona mayi, n'chifukwa tikuti tiyese kaye pamalo a gulu. Chaka chino udzu ndi mapira, chaka chamawa chimanga pomwepo ndi urea wochepa, pambali pake chimanga cha masiku onse, anthu adzaone okha. Udzuwo amene ali ndi ng'ombe za mkaka angagule.

A Phiri a ku Joni: Nde matumba asachepe kwambiri, agogo anga akudikira lawo.

Anachisale: Ndipo alangizi akauzenso anthu kuti urea azikwirira, enawa amangomwaza pamwamba dzuwa likuswa mtengo.

Wapampando: Chabwino. Mlembi kafunseni ku malo ofufuza za ulimi a ku Makoka ngati mbewu ya udzuwo ingapezeke ndi mtengo wake, msungichuma mutiwerengere matumba angati atsala tikapatula za mundawo. Tivota Loweruka, amene sanapereke za Okutobala atumize kaye.