Zigubu za mafuta ophikira zandichulukira, zingasunge madzi akumwa?

Mayi wa mandasi, Bangwe:
Moni nonse. Ndimakazinga mandasi, ndiye zigubu zachikasu za malita 20 zaunjikana kuseri kwa khitchini, pano zilipo 6. Ndikufuna ziwiri zikhale zosungira madzi akumwa poti mpope wathu umakonda kutulutsa usiku. Ndatsuka ndi sopo katatu koma madzi akununkhabe mafuta akale, ana akukana kumwa. China: alamu anga a ku Balaka andibweretsera chigubu choyera cha malita 5, cholimba bwino. Akuti munali mankhwala opopera thonje koma anatsuka. Nachonso ndingathiremo madzi?

Wakale wa kufakitale:
Amayi, tembenuzani chigubu chachikasucho muone kunsi. Mupeza nambala 2 itazunguliridwa ndi timivi titatu, kapena zilembo HDPE. Pulasitiki ameneyo ndi woyenera zakudya, n'chifukwa chake anaikamo mafuta. Muonanso mzere wautali wotukuka. Popanga, pulasitiki wotentha amatsika ngati paipi yofewa, chikombole n'kutseka mbali ziwiri, kukanikiza pansipo, kenako mpweya umapopedwa mkati mpaka atafufuma n'kugunda m'makoma a chikombole. Zaka zonse ndinagwira pamakina amenewa phokoso lake ndimalimvabe m'tulo.

Ndikunena zimenezi chifukwa chogwirira chija nachonso chimafufuma ndi mpweya womwewo, ndiye mkati mwake muli mphako. Mafuta anu abisala m'menemo. Mukathira madzi pang'ono n'kukhutchumula chili chilili, safika kumeneko. Thirani madzi otentha ndi sopo waufa mpaka theka, tsekani, chigonekeni chozondoka kuti chogwirira chidzaze, chigone choncho mpaka m'mawa. Mukatsukuluza chiumitseni chosatseka, koma pamthunzi. Dzuwa limachifoola, ndipo chimayamba kung'aluka m'makona, poti pamenepo ndi pomwe pulasitiki anakokeka kwambiri n'kupyapyala.

Mlangizi wopuma, Salima:
Cha ku Balaka chija ayi, mayi. Ayi ndithu. Mankhwala ena amalowerera m'pulasitiki momwemo, sopo sawachotsa, ndipo kusamveka fungo sikutanthauza kuti atha. Ifeyo tinkaphunzitsa alimi kutsukuluza katatu, madziwo n'kuwathira m'sipuleya, kenako kuboola chigubucho kuti wina asadzachitole n'kutungira madzi. Musachiotchenso, utsi wake ndi woipa. Alamu anuwo muwauze mwaulemu, chifukwa ngati akupatsani chimodzi ndiye kuti kwawoko zina zikugwira kale ntchito.

Nachisale wa thobwa:
Ine ndimathira phulusa ndi kamchenga, kukhutchumula, fungo limatha. Koma anzanga a thobwa musasokoneze zigubuzi ndi mabotolo oonekera a zakumwa aja a nambala 1. Amenewo ukathira thobwa lotentha amakwinyika ngati nkhope ya agogo. Ndinataya mabotolo 20 tsiku limodzi chifukwa cha phuma.

Wakale wa kufakitale:
Phulusa ndikuvomera, achemwali, limadula mafuta. Mchenga ndiye ayi. Umakala mkati, ndipo m'timikwingwirima timeneto ndi momwe ndere ndi litsiro zimadzamera.

Mnyamata wa zotolatola, Ndirande:
Mami, zotsalazo musataye. Chigubu chamoyo chokhala ndi chitsekerero chake chimayenda malonda pamsika kuposa chophwanyika, ndiye zitsekerero musunge. Zong'aluka timagula pa kilo. Kofikako amazisankha mitundu, kuzigaya, kuzitsuka n'kusungunula, zimadzakhala mapaipi akuda kapena mabeseni. Musazisakanize ndi mabotolo a nambala 1, ogula amakana. Zong'aluka kumtunda kokha mutha kudula pakati, kuboola pansi, mudzale mpiru kapena anyezi. Cha malita 5 chomwe munali mafuta ophikira chimakhala mpondagiya wabwino pachimbudzi.

Mayi wa mandasi, Bangwe:
Zikomo nonse. Ndachizondotsa dzulo monga ananenera bambo a kufakitale, m'mawa uno madzi atuluka oyandama mafuta achikasu, zoona anali m'chogwirira. Ndibwereza kawiri ndisanayese kumwa. Cha ku Balaka ndaboola ndi msomali wa 6 inchi. Vuto latsala ndi la momwe ndiwauzire alamu, poti anachinyamula pa minibasi ulendo wonse uja ngati mphatso.