Masiku 12 atsala, ndiyende kaye kapena ndikhale ndi anzanga?

Wapaulendo22:
Abale ndithandizeni maganizo mutu sukugwira. Ndili ku Dresden kuno semesita imodzi yokha, mayeso omaliza ndalemba dzulo ndipo ndege yobwerera ndi ya pa 28 February nde ndatsala ndi masiku 12 basi. Anzanga atatu akuti tipite ku Prague, Vienna kenako Budapest sabata yathunthu, ndipo mtima ukufuna ndithu poti miyezi yonseyi ndimangoti ndidzayenda ndikamaliza mayeso, mpaka lero sindinatulukeko mu Germany. Koma vuto ndi loti mtsikana amene timaphikira naye kitchini imodzi akubwerera kwawo ku Korea Lachinayi likudzali, iyeyu ndi amene anandiperekeza kuchipatala usiku nditadwala mu November, anakhala nane pa benchi mpaka mbandakucha atagwira jekete yanga. Ndikanyamuka ndi anzangawa sindimupezanso. Kulongedza nkomwe sindinayambe. Amene munadutsamo munapanga bwanji?

MkuluWaMapepala:
Achemwali musanaganize za sitima yang'anani kaye tsiku limene pemiti yanu yokhalira mu Germany ikutha. Ikakhala kuti ikadali ndi moyo mutha kuyenda mmaiko ena a Schengen, gulu la maiko a ku Ulaya amene amayenderana momasuka, mpaka masiku 90 pa masiku 180, Czech Republic, Austria ndi Hungary onsewo ali momwemo, koma pasipoti muzinyamula osadalira kadi ya pemiti yokha ayi.

Chachiwiri mapepala amadya masiku kuposa mmene munthu amaganizira. Mukuyenera kupanga Abmeldung, kukadzichotsa mkaundula wa mzinda, ndipo amalola kuyambira sabata imodzi musanasamuke, nde onani kuti sabata imeneyo mukhale mulipo. Pepala limene amakupatsanilo musalitaye, ndi lomwe mumaonetsa posiya inshulansi ya chipatala ndi msonkho wa wailesi uja, Rundfunkbeitrag. Akaunti ya kubanki musathamangire kutseka poti dipoziti ya chipinda imabwera mochedwa. Ine yanga anandidula yambiri ati sindinakwecha uvuni, zithunzi ndinalibe nde ndikanatsutsa ndi chani. Jambulani chipinda chonse tsiku lopereka makiyi, ngakhale mkati mwa firiji. Funsaninso ku ofesi kuti transcript adzaitumiza bwanji, popanda imeneyo ma ECTS anuwo, mapointi a maphunziro amene mwakhoza kuno, kusukulu kwanu sakawawerengera.

Tiyende_Tione:
Zamapepalazo nzoona koma ine ndikuti pitani asisi, osabwerera musanaone kanthu. Viza ya Schengen kuti mudzaipezenso ngati mlendo wamba si masewera, pano khomo ndi lotsegula kale. Kungoti mizinda itatu mu sabata imodzi mwachulutsa, mudzangokumbukira masiteshoni ndi kukoka chikwama. Prague ili pakhomo panu pomwepo, sitima yochoka ku Dresden imatenga maola awiri ndi mphindi zochepa ndipo imayenda mmbali mwa mtsinje wa Elbe, mapiri amiyala ali njo mbali zonse, khalani pawindo musagone. Mukafika dzukani mmamawa mukadutse pa Charles Bridge anthu asanadzaze, mlatho umenewo anayamba kuumanga mu 1357 ndipo mpaka pano anthu akuyendapo. Kumeneko ndalama ndi koruna osati yuro. Komanso Deutschlandticket, tikiti ya pamwezi ija ya mabasi ndi sitima wamba za mu Germany, siigwira pa sitima zothamanga ngati EC kapena ICE, gulani tikiti yakeyake angakulipitseni faindi.

NangoziWakale:
Mwana wanga, ine ndinasankha ulendo ndipo mpaka lero zimandiwawa. Tinali ndi mnzanga wa ku Brazil, semesita yonse timawerengera tebulo limodzi ku laibulale, ine ndinapita kokayenda ndikuti tidzatsanzikana ndikabwera, iye anasintha tikiti nkunyamuka msanga. Ndinapeza chipinda chake chili pululu, matiresi okha, pa chitseko changa atamatapo kapepala ndi kapu yake ya tiyi ataisiya pansi. Kapuyo ndikadali nayo. Timalemberana pa WhatsApp inde koma chaka choyamba chokha ndi chimene mumacheza tsiku ndi tsiku, kenako ntchito, maola osiyana, basi mumangofunirana zabwino pa tsiku lobadwa.

Mizinda siithawa koma gulu limeneli simudzakhalanso nalo nyumba imodzi. Muperekezeni mnzanuyo mpaka pasiteshoni, munyamulireniko chikwama, ndipo muuzeni ndi pakamwa za usiku wa kuchipatala uja, osadikira kudzalemba pa foni. Misozi ikabwera isiyeni. Phwando lalikulu lotsanzikana anthu amangokuwa nkumajambulana, zenizeni zimakambidwa muli awiri mukutsuka mbale.

Wapaulendo22:
Zikomo nonse, amayi mwandiliza ndi nkhani ya kapuyo. Pemiti ndaona ikutha mu March nde ili bwino. Ndawauza anzanga atsogole, ine ndikhala mpaka Lachinayi ndimuperekeze, Lachitatu madzulo tiphikira limodzi komaliza. Prague ndipita ndekha masiku awiri kenako ndibwere ndidzapange Abmeldung ndi kukwecha uvuni. Funso lina, chikwama akundilola cha makilo 23 chimodzi koma ndili ndi majekete awiri olemera, mabuku ndi mapoto, ndizitani?

MkuluWaMapepala:
Jekete imodzi muvale pokwera ndege. Mapoto ndi zofunda siyirani ofika semesita ikubwerayi, lembani pa gulu la hositelo lero lomwe mawa zikhala zitapita. Power bank ikani mkachikwama ka mmanja, mu chachikulu salola.