Kodi ndikulakwa kusiya mpingo wa makolo anga?

Wofunsa (dzina labisidwa): Abale ndi alongo a pa gulu lino, ndikupempha nzeru chifukwa nkhaniyi yandisowetsa tulo kwa miyezi ingapo. Agogo anga anali akulu a mpingo, bambo anga ndi mlembi wa mpingo womwewo, ndipo mayi anga sanajombepo ku kwaya chiyambire ine kuzindikira. Ndinabatizidwa ndili khanda ndipo ndinaloweza zonse zimene ankatiphunzitsa, koma masiku ano ndikakhala m'tchalitchi mtima wanga umakhala kwina, mapemphero amangotuluka pakamwa osandikhudza. Nditawauza mayi, analira tsiku lonse kenako anakauza azakhali, amene sandikonda kuyambira pamene ndinakana ntchito imene anandipezera. Achimwene nawonso akundidzudzula, chonsecho iwo amapita ku tchalitchi pa Khirisimasi pokha, ndiponso sanandibwezere ndalama zimene ndinawakongoza chaka chatha. Bambo anangonena kuti ndikuwachititsa manyazi pamaso pa anzawo, ndipo kuyambira tsiku limenelo timangopatsana moni basi. Kodi ndizipitabe kuti m'banja mukhale mtendere, kapena nditsatire mtima wanga?

Bambo wa ana asanu: Mwana wanga, mtima umanyenga. Pa Eksodo 20:12 talamulidwa kulemekeza atate ndi amayi athu, ndipo kulandira chikhulupiriro kwa makolo si chinthu chochititsa manyazi ayi. Werengani 2 Timoteo 1:5, muona kuti Paulo anayamikira Timoteo chifukwa cha chikhulupiriro chimene chinayamba mwa agogo ake Loisi ndi amayi ake Yunike. Vuto la achinyamata inu ndi mafoni, mukamvera mlaliki mmodzi pa intaneti usiku, m'mawa mwadzuka odziwa zambiri kuposa agogo anu. Mukadzamwalira adzakuimbirani ndani?

Mphunzitsi wa mbiri: Bambo, Baibulo lomwelo likutiuza pa Yoswa 24:2 kuti Tera, atate wake wa Abrahamu, ankatumikira milungu ina, ndipo Abrahamu akanaumirira za makolo ake sitikanamutcha kholo la okhulupirira. Augustine wa ku Hippo, mphunzitsi wotchuka wa Chikhristu wakale, naye anasiya zimene amayi ake Monica anamuphunzitsa, natsatira chipembedzo china cha Amanikeya kwa zaka pafupifupi 9, ndipo pambuyo pake anabatizidwa ndi bishopu Ambrose ku Milan m'chaka cha 387. Munthu amene wafufuza yekha amagwira chikhulupiriro mwamphamvu kuposa amene anangochipeza pakhomo.

Bambo wa ana asanu: Aphunzitsi, mwandithandiza kunena mfundo yanga. Augustine wanuyo anazungulira zaka zonsezo n'kubwerera kumene amayi ake anali, ndiye kunali kofunika kuwaliritsa mayiwo? Abrahamu anamva mawu a Mulungu, pamene mwana uyu wangomva ulesi wodzuka Lamlungu.

Mayi wa ana awiri: Ine ndinasiya mpingo wa makolo anga potsatira mwamuna, ndipo mayi anga anamwalira tisanagwirizane pa nkhaniyi. Banja litatha, a mpingo wa mwamunayo anayamba kundiona ngati mlendo, ndipo kwathu ndinkachita manyazi kubwerera. Lero ndimapemphera ndekha m'nyumba, ndipo chimene chimandipweteka kwambiri ndi mawu owawa amene ndinawayankha mayi tsiku limene ndinkachoka.

Mlongo wina: Pepani, koma tonse tikuyankha zimene sitinafunsidwe. Inu wofunsa, simunatiuze kumene mtima wanu ukukutumani. Kodi mwapeza mpingo wina, chipembedzo china, kapena mwasiya kukhulupirira Mulungu? Nanga mumakhala pakhomo pa makolo ndi kudalira iwo, kapena mumadziimira panokha? Malangizo a munthu wa zaka 19 amene makolo akumulipirira sukulu ndi osiyana ndi a munthu wa zaka 35 amene ali ndi nyumba yake.

Mnyamata wa nthabwala: Musanatuluke mu mpingo yambani mwatolera ndalama zanu kwa achimwene, chifukwa mukangotuluka adzati ngongole ya munthu wampatuko sibwezedwa.

Bambo wa ana asanu: Achimwene, nkhani ya moyo wa munthu si yoseka. Izi n'zimene ndikunena, ana a masiku ano mulibe mantha. Anga onse asanu amakhala nane pa benchi limodzi Lamlungu lililonse, ndipo palibe amene anayerekeza kundifunsa chifukwa chake.

Mphunzitsi wa mbiri: Kusafunsa kwawo sikutanthauza kuti alibe mafunso, bambo. Anthu a ku Bereya anayamikiridwa pa Machitidwe 17:11 chifukwa ankafufuza m'malemba tsiku ndi tsiku kuti aone ngati zimene ankamva zinali zoona. Ngakhale chikalata cha ufulu wa anthu chimene bungwe la United Nations linavomereza mu 1948 chimanena pa ndime 18 kuti munthu ali ndi ufulu wosintha chipembedzo chake.

M'bale wachisilamu: Ine si Mkhristu, koma vutoli limapezeka m'nyumba za zipembedzo zonse. Mu Qur'an, pa Surah Luqman ndime 15, tikuphunzitsidwa kuti ngakhale pamene munthu sangathe kumvera makolo pa nkhani ya kupembedza, ayenera kukhala nawo mwaubwino pa dziko lino. Choncho lankhulani ndi bambo anu paokha, azakhali ndi achimwene palibe, ndipo musanyoze mpingo wawo pamaso pawo. Pitirizani kuwathandiza monga kale kuti aone kuti mwana wawo sanawataye.

Bambo wa ana asanu: United Nations sidzabwera kudzatonthoza mayi wolirayo. Mwana wanga, pitani kwa abusa anu mawa lomwe mukawauze zonse, ndipo musiye kumvera anthu amene sakukudziwani.

Wofunsa (dzina labisidwa): Zikomo nonse. Kwa abusa sindingapite chifukwa ndi anzawo a bambo, ndipo zimene ndinganene zikafika kunyumba ine ndisanafike. Azakhali aimbanso foni madzulo ano kunena kuti ndalodzedwa, ndipo achimwene atuluka pa gulu lathu la banja pa WhatsApp. Lamlungu likubwerali mayi akuimba ku kwaya ndipo andipempha kuti ndikakhalepo.

Mlongo wina: Pitani mukawamvere mayi anu akuimba, zimenezo sizikukukakamizani kulonjeza chilichonse. Koma funso langa lija simunayankhebe: kodi inuyo panopa mukukhulupirira chiyani?