Kodi tizidutswa ta golide timaonetsa bwanji maselo a khansa?

Nachisale:
Ndakhala ndikumva za ofufuza amene akugwiritsa ntchito tizidutswa ta golide, tating'ono kwambiri moti timayezedwa m'mananomita, pofuna kupeza maselo a khansa. Ndikupempha odziwa andithandize: golideyo amasiyanitsa bwanji selo lodwala ndi labwino, nanga kuwala kumagwira ntchito yanji pamenepa?

Mphunzitsi wa Fizikisi:
Mayi Nachisale, golide payekha sasankha selo. Ofufuza amamata pa tizidutswato ma antibody (mapuloteni a chitetezo cha m'thupi okakamira chinthu chimodzi chokha) amene amagwira puloteni yotchedwa EGFR, yomwe imachuluka pakhungu la maselo a khansa zambiri, choncho timaunjikana pa maselo odwalawo. Kuwala kukatigunda, ma elekitironi ake amagwedezeka limodzi n'kumwaza kuwalako mwamphamvu, moti pa maikulosikopu ya dark-field (imene imaonetsa kuwala komwazidwa kokha) selo lodwala limanyezimira pamene malo olizungulira ali bii. Gulu la Konstantin Sokolov ndi Rebecca Richards-Kortum linasonyeza zimenezi mu 2003 pa maselo a khomo la chiberekero, ndipo la Mostafa El-Sayed ku Georgia Tech linachita chimodzimodzi mu 2005 pa maselo a khansa ya m'kamwa. Ubwino wake ndi wakuti golide sazilala ngati utoto wowala umene umagwiritsidwa ntchito m'malabu.

Wa ku Labu:
Ndiwonjezereko kuti nzeruyi si yachilendo kwathu kuno, chifukwa mzere wofiirira umene umaoneka pa zipangizo zambiri zoyezera malungo mwachangu ndi golide yemweyu womatidwa ma antibody.

Chisale:
Zonsezi n'zoona, koma tisathamangire kukondwa, pakuti zoyenda bwino m'mbale ya mu labu zimavuta m'thupi la munthu. Kuwala kooneka ndi maso sikulowa patali m'mnofu, n'chifukwa chake Naomi Halas ndi Jennifer West a ku Rice University anagwiritsa ntchito timipira tokutidwa ndi golide timene timayamwa kuwala kwa near-infrared (kosaoneka ndi maso, kolowa patali m'mnofu) n'kutentha chotupa, njira imene inayesedwa pa odwala khansa ya prostate 16 okha mu kafukufuku wofalitsidwa mu 2019. Vuto lalikulu ndi lakuti tizidutswa tikabayidwa m'magazi, tambiri timakodwa m'chiwindi ndi m'kapamba. Gulu la Warren Chan ku Toronto linapeza mu 2016 kuti pa zoyesa pa nyama, pafupifupi 0.7 peresenti yokha ya zobayidwa ndiyo imafika pa chotupa. Ine ndikuona kuti phindu lapafupi lili pa khansa za pamalo oonekera, monga m'kamwa ndi pakhomo la chiberekero, pomwe tizidutswato tingapakidwe mwachindunji popanda kudutsa m'magazi.