Kodi Brufen amadziwa bwanji pomwe pakupweteka?

Wa ku Chibavi: Abale ndithandizeni, dzino linandisowetsa tulo ndi kuzizira kwa Mzuzu kunoku, nditamwa Brufen lasiya. Koma piritsi limapita m'mimba, nde limadziwa bwanji kuti vuto lili kudzino?

Aphunzitsi aku Luwinga: Silidziwa kanthu achimwene. Likasungunuka mamolekyu (tizidutswa tosaoneka ndi maso) a ibuprofen, mankhwala omwe ali mu Brufen, amalowa m'magazi nkuzungulira thupi lonse, ndi kuchala chakuphazi komwe amafika. Pamalo potupa thupi limapanga makemikolo ambiri otchedwa ma prostaglandin, amenewa ndi omwe amakuza ululu, ndipo amapangidwa ndi enzyme (puloteni yothandiza kupanga makemikolo m'thupi) yotchedwa COX. Nde molekyu ya ibuprofen kapangidwe kake imakwana bwinobwino pakabowo ka enzyme ija ngati kiyi pa loko, ikangokhalapo basi enzyme ntchito yaima, ululu nkutsika.

Mayi wa ana awiri ku Katoto: Eetu, koma vuto ma prostaglandin omwewo amatetezanso m'mimba ku asidi, nchifukwa chake kuchipatala amati muyambe mwadya kaye. Amene muli ndi zilonda zam'mimba Brufen ayi ndithu.

Mnyamata wa Zolozolo: Panado nayenso musamuderere, amaphwanyidwa m'chiwindi, munthu wamkulu asapyole mapiritsi 8 a 500mg patsiku. Ena mumamwera pamwamba pa kachasu m'mawa, chiwindi chomwecho chigwire maganyu awiri eti?