Chikwapu tinataya, koma aliyense ali ndi chilango chake

Adeputi, pulayimale ya kunja kwa Chipata:
Aphunzitsi anzanga, ndigawireni nzeru. Chiyambireni maphunziro aulere kuno ku Zambia mu 2022 ana adzaza, ena m'kalasi mwanga amalembera pamawondo. Zoti kukwapula ndi mlandu tonse tikudziwa: Education Act ya 2011 inaletsa, Children's Code ya 2022 inatsindikanso. Chondivuta n'choti pasukulu pathu mphunzitsi aliyense ali ndi lamulo lake. Mwana akachedwa, wina amamutchetchetsa udzu, wina amamugwaditsa, wina sanena kanthu. Dzulo ndinapeza kamnyamata ka Giredi 3 kakukumba dzenje la zinyalala anzake akuphunzira masamu, khasu lotalika kuposa iko. Nditakafunsa, kanati kanachedwa chifukwa kanayamba kutulutsa ng'ombe m'khola. Zinandiwawa. Ahedi andipatsa ntchito yokonza dongosolo limodzi la khalidwe la sukulu yonse temu ino. Ndiyambire pati?

Senior teacher, Katete:
Amayi, musayambe ndi ana, yambani ndi ife akuluakulu. Ife tinaika nkhaniyi pa TGM (misonkhano ya aphunzitsi) ziwiri zotsatizana, ndipo tinakangana kwambiri tisanamvane. Tinafafaniza malamulo ambirimbiri a "osachita ichi, osachita icho" amene anali pakhoma la ofesi, n'kusiya atatu okha m'Chinyanja: Lemekeza, Samala, Konzekera kuphunzira. Koma kungowerenga pa asembule sikuthandiza. Timatenga kalasi imodzi imodzi kupita nayo pamjigo n'kuwaonetsa kulemekeza pamjigo n'kutani: kuima pamzere, wamkulu kupopera wamng'ono madzi. Kenako kuzimbudzi, kenako pamzere wa phala. Mmene timaphunzitsira kuwerenga, chimodzimodzi, mobwerezabwereza. Tikatsegulira temu yatsopano timayambiranso.

Mphunzitsi wa Giredi 6, Petauke:
Zabwino, koma tinene zoona. Ndamvapo za masukulu a ku America kumene ana amapatsidwa matikiti ndi mphatso akachita bwino. Ife ndi grant yomwe ikuvuta kukwanira choko tizitenga kuti? Chinanso makolo. Bambo wina anabwera ndi ndodo yake kukalasi kwanga, amvekere "aticha, mumenyeni, ine anandilera ndi iyi." Ndinasowa chonena.

Mphunzitsi wa guidance, m'tauni ya Chipata:
Abambo, mphatso si mtima wa nkhaniyi. Chimene mwana amafuna ndi kumva dzina lake likutchulidwa pa chinthu chenicheni. Osangoti "wachita bwino", koma "ndakuona unamudikira mnzako wolumala pakhomo." Ife tinasinthanso ntchito ya mamonitala. Kale ankalemba olongolola, ndipo kumapeto kunali ndewu panjira. Tsopano amalemba amene athandiza mnzawo, Lachisanu timawerenga mayinawo pa asembule. Ndalama palibe.

Adeputi, gulani hadikava imodzi musanalembe dongosolo lililonse. Vuto likachitika lembani zinayi: nthawi, malo, chochitika, ndi chimene mphunzitsi anachita. Masabata awiri okha. Mugwirizanenso zimene zimathera m'kalasi, monga phokoso ndi kuchedwa, ndi zimene zimafika kuofesi, monga kumenyana ndi kuba. Ana ochepa amene mayina awo azibwerabwera muwapatse mphunzitsi mmodzi wowapatsa moni m'mawa ndi kuwafunsa mmene tsiku layendera akamaweruka. Mukapeza kuti mwana akuzunzidwa kunyumba, imeneyo si nkhani ya khalidwe ayi, pali nambala yaulere ya Childline, 116.

Ahedi opuma, Chadiza:
Ana anga, makolo musawauze ngati chigamulo chatha kale. Itanani PTC (komiti ya makolo ndi aphunzitsi) ndi anyakwawa, muwafunse kuti ulemu kwawo ndi chiyani. Adzakuuzani okha, ndipo mawu awowo ndiwo mulembe. Bambo wa ndodo uja sakufuna kuti mwana avulale, akuopa kuti asalowerere. Muonetseni kuti wothyola benchi akonza benchiyo, wotukwana akapepesa pamaso pa amene anamva. Za abusa a ng'ombe, ine ndinkakambirana ndi mabanja kuti ofika mochedwa masiku onse awasamutsire ku kalasi yamasana.

Adeputi:
Ndabweranso, patha masabata atatu. Hadikava ija yatiululira zambiri. Ndewu zochuluka sizichitika m'kalasi, zimachitika pamjigo nthawi imene a m'mawa akuweruka, a masana akulowa, ife tonse tili mu staff room. Tsopano aphunzitsi awiri amaima pamenepo mosinthana, ndipo sabata ino sindinalembe ndewu ya pamjigo ngakhale imodzi. Kamnyamata ka ng'ombe kaja tinalankhula ndi agogo ake, kali ku kalasi yamasana ndipo sikanajombepo.

Chatsala ndi aphunzitsi awiri amene akugwaditsabe ana mobisa. Mmodzi ndi wamkulu kwa ine ndi zaka zambiri, anandiphunzitsa kulemba ma scheme (mapulani a zophunzitsa) nditangofika kumene. Amayi a ku Katete, inu otere munawalankhula bwanji, pa TGM kapena paokha?